Gitala ya jazz ikusasa mawu pa ampulifaya ya mavalavu: yambani mwayeza magetsi

Funso: Amisiri, ndimaimba jazz m'mahotela ndi m'maukwati kuno ku Harare. Ndili ndi ampulifaya ya Fender Deluxe Reverb yochokera ku America, ndipo ndimailumikiza kudzera pa thiransifoma yotsitsa magetsi. Kunyumba ku Mabvuku imalira bwino, koma pa siteji Volume ikangofika pa 4 mawu amasasa, makamaka ndikamenya ma chord. Anzanga akuti ndisinthe mavalavu onse, timababu tagalasi tokuza mawu mkati mwa ampulifaya. Ndigule ati?

Yankho: Musagule chilichonse, achimwene. Anzanuwo mita yoyezera magetsi sanaigwirepo. Deluxe Reverb ndi ya 22W, mavalavu awiri a 6V6, ndipo ikalumikizidwa ndi gitala ya ma humbucker (mtundu wamphamvu wa pickup, kachida kotola mawu pansi pa nsambo) imayamba kusasa cha pa 4 kapena 5 ngakhale ili yabwinobwino. Ndi mmene anaipangira. Koma poti kunyumba ikulira bwino ndipo kunja ikufooka, ine ndikuloza magetsi amene mukuidyetsa.

Ampulifaya yanu inapangidwira 120V. Mathiransifoma ambiri ogulitsidwa m'mashopu a m'tauni analembedwa 220V kupita 110V, kutanthauza kuti amangogawa pawiri chilichonse chimene alandira. Pakhoma pakakhala 230V, mupeza 115V, ndipo pamenepo ampulifaya imapirira. Tsopano pitani ku ukwati kumene kuli jenereta, kapena waya wamtali woonda umene wanyamula magetsi a pa siteji, mafiriji ndi zokuzira mawu zonse. Pa pulagi yanu pakhoza kufika 205V basi. Gawani pawiri: 102V, yomwe ndi 85% ya zimene ampulifaya ikufuna. Magetsi aakulu a pa plate, chitsulo chachikulu cha mkati mwa 6V6, amene amakhala cha m'ma 420V, atsikira cha ku 357V. Mphamvu yotuluka imagwa kuposa pamenepo, chifukwa imatsata voltage yochulukitsidwa ndi iyo yomwe, ndiye 22W ija yasanduka 16W kapena chapompo. Heater, kawaya kotenthetsa valavu mkati, imafuna 6.3V, ndipo siyenera kutsika kupyola 5.7V. Inu mukuipatsa 5.4V. Valavu yatsopano ingachitepo chiyani pamenepa? Isasanso chimodzimodzi, ndalama zitapita.

Kayezedwe kake nkofunika, chifukwa ambiri amayeza molakwa kenako nkumati magetsi ali bwino. Ikani mita pa AC. Yezani potulukira pa thiransifoma, osati pakhoma pokha. Ampulifaya ikhale yoyaka, Standby yochotsa kuti izitulutsa mawu, mavalavu atatentha kwa mphindi zisanu. Kuyeza thiransifoma isanasenze katundu nkungodzinamiza, chifukwa yotchipa imaonetsa 115V ili yokha, ikangolumikizidwa nkugwa. Yezaninso gulu lonse likuimba, magetsi a pa siteji atayatsa, osati masana mu holo muli zii. Ngati manambala akuvina woimba bass akamenya, vuto lili pa waya kapena jenereta. Lembani manambala a kunyumba ndi a pa siteji muwafananize. Pansi pa 110V musayembekeze mawu oyera.

Mankhwala ake: thiransifoma yeniyeni yolemera, ya 300VA kapena kuposa, yotulutsa 120V, yokhala ndi waya wa earth wodutsa mbali zonse ziwiri. Yopanda earth idzakugwirani pamilomo mukadzakhudza maikolofoni dzanja lili pa nsambo. Tizida tating'ono topepuka ta apaulendo tija, topangidwira zowumitsira tsitsi, timawotcha thiransifoma ya mkati mwa ampulifaya, ndipo ya Fender simungaipeze pafupi. Pemphani soketi yanuyanu, waya wake wamfupi ndi wonenepa. Inverter ya modified sine wave nayonso ayi: imalowetsa phokoso la zzz m'mawu ndipo imatenthetsa thiransifoma. Ikhale ya pure sine wave.

Magetsi akakhala bwino, zotsalazo nzachidule. Lowetsani gitala pa Input 2, imene imachepetsa mphamvu yolowa ndi 6dB. Bass itsike pa 2 kapena 3, chifukwa mawu apansi ndi amene amadya ma watt. Tsitsani pickup ya kukhosi kuti pakhale mpata wa 3mm pakati pake ndi nsambo yaikulu mutadina fret yomaliza. Ngati mukufunabe kugula valavu, gulani imodzi: 5751 kapena 12AY7 m'malo mwa 12AX7 yoyamba ya channel imene mumagwiritsa ntchito, imene ili pa malo a V1 ngati ndi channel ya Normal, V2 ngati ndi ya Vibrato. 12AX7 imakuza maulendo 100, 5751 maulendo 70, 12AY7 cha m'ma 40. Volume idzayenda mtunda isanasase, koma ma watt sawonjezeka. Holo ikakula, ikani maikolofoni patsogolo pa sipika, kapena pezani Twin Reverb ya 85W ndi munthu wokuthandizani kuinyamula.

Funso: Ine ndili ku Highfield, ndinakulira pa nyimbo za sungura koma tsopano ndikuphunzira jazz. Gitala yanga ikulira mopyapyala, ngati ikubaya m'khutu. Ndikatseka Tone mpaka 0, mawu amangokhala phala, manoti osamveka. Pakati pake ndi pati?

Yankho: Chemwali, dzanja lanu ndi nsambo zanu zikadali ku sungura, ndiye musalimbane ndi Tone yokha. Nsambo za .009 zokhakhala zija chotsani. Ikani nsambo zosalala za flatwound zoyambira pa .012, kenako mmisiri akonze truss rod (chitsulo cha mkati mwa khosi) ndi intonation (kulondola kwa manoti pa fret iliyonse), chifukwa nsambo zolemera zimakoka khosi la gitala. Pickup ya kukhosi yokha. Pick yokhuthala, 1.5mm kapena kuposa, ndipo muzimenyera kumapeto kwa khosi, osati pafupi ndi bridge. Wes Montgomery, katswiri wa gitala ya jazz wa ku America, ankamenya ndi chala chachikulu, ndipo theka la mawu ake onenepa aja linkachokera pamenepo.

Ku ampulifaya simunanene kuti ndi ya mtundu wanji, koma ngati ndi Fender kapena yotengera Fender, dziwani kuti kuika zonse pa 5 sikupereka mawu ofanana. Makonzedwe ake amakumba dzenje pa mawu apakati, pamene jazz imakhala pomwepo. Yambani chonchi: Treble 3, Middle 7, Bass 3, Reverb 2, Bright yozima. Deluxe Reverb ilibe Middle ngakhale switch ya Bright, koma ku Vibrato kuli capacitor ya 47pF pa Volume imene imalowetsa mawu obaya Volume ikakhala pansi. Pitani ku Normal, kapena mmisiri aidule mwendo umodzi, ntchito ya mphindi khumi. Pa gitala, Volume pa 7 kapena 8, Tone pa 5 kapena 6. Kutsitsa Volume ya gitala kumafewetsa kale mawu apamwamba, ndiye Tone siifunikanso kutsekeratu.

Ngati gitala ndi ya mphako ndipo ikuyamba kulira yokha kuti huuu, musaime moyang'anizana ndi sipika. Ampulifaya ikhale kumbuyo kwanu, mbali ya khosi la gitala, itakwera pa mpando, Bass itatsika.

Funso: Ndinagula mavalavu awiri otchipa a 6L6 ndi kuwaika ndekha mu ampulifaya ya Fender Hot Rod Deluxe. Tsopano ikung'ung'uza, ndipo imodzi ikufiira mkati. Ndipitirize kuimba?

Yankho: Zimitsani pompano, bambo. Kuwala kwa heater pakati nkwabwino, koma chitsulo chachikulu chotuwa chija chikafiira ndiye kuti valavu ikukoka magetsi opyola muyeso, ndipo ikapsa imatha kupita ndi output transformer. Mavalavu aakulu sasinthidwa ngati babu la m'nyumba. Amagulidwa awiri oyezedwa kuti afanane, ndipo akalowa bias imakonzedwa, kutanthauza mlingo wa magetsi amene valavu imakoka ili chete. Awiri osafanana ndi amene akung'ung'uzawo, chifukwa mu push-pull, mmene mavalavu awiri amagwira ntchito mosinthana, phokoso la magetsi limafafanizika pokhapokha mbali zonse zikukoka mofanana. Mavalavu opanda bokosi, olembedwa dzina ndi penti yofufutika ndi chala, ambiri ndi otha kale amene wina wangowapukuta.

Ampulifaya itazima ndi kuzizira, sinthanitsani malo mavalavu awiriwo, muyatse kwa kanthawi kochepa mukuyang'ana. Kufiira kukatsata valavu, valavuyo njakufa. Kukatsalira pa soketi yomweyo, vuto lili mkati: bias sikufika pa pin 5, coupling capacitor ikudontha, kapena soda ya pa soketi yang'ambika, zomwe zimachitika kawirikawiri pa ma Hot Rod. Resistor ya screen ya 470 ohm iyezedwenso, imakonda kupsa valavu ikachita zimenezi.

Masamu a bias ndi awa. 6L6GC imapirira 30W pa plate, ndipo ili chete iyenera kukhala pakati pa 60% ndi 70%, kutanthauza 18W mpaka 21W. Plate ikakhala pa 430V, ndiye 42mA mpaka 49mA pa valavu iliyonse. Kwa jazz khalani kumunsi kwake, mavalavu akhalitsa. Mukawatsitsa kwambiri ma mA amenewa, manoti amathera ndi kakuthetheka kosakoma pamene akuzilala. Ndipo bias iyezedwe pa magetsi amene mumaimbira, chifukwa yokonzedwa pa 215V idzatentha tsiku limene pakhoma padzafike 240V.

Mkatimo ma filter capacitor amasunga magetsi opitirira 400V ngakhale mutazula pulagi. Ngati simudziwa kuwakhuthula ndi resistor ndi kutsimikiza ndi mita, chassis musaitsegule, itengereni kwa mmisiri pamodzi ndi mavalavu akale aja. Musaiyatse sipika itazulidwa.