Kodi Analetsa Tryptophan Kuti Prozac Ayende Malonda?

Achemwali ena a ku South Bend, ku Indiana, anditumizira imelo. Akuti mashifiti a usiku awasokonezera tulo, ndiye mnzawo wa kuntchito wawauza kuti agule tryptophan, n'kuwanong'oneza kuti boma la America linaletsapo mankhwalawa kuti Prozac, mankhwala a matenda ovutika maganizo, apeze msika. Akufunsa kuti: "Zimenezi n'zoona, kapena ndi nkhambakamwa?"

Achemwali, mnzanuyo wanena zina zoona, koma za maliro sanakuuzeni.

Tryptophan ndi imodzi mwa ma amino acid, tizigawo timene timapanga mapuloteni. Mumaidya kale m'mazira, mumkaka ndi m'nyama ya nkhuku, ndipo thupi limaigwiritsa ntchito popanga serotonin, mankhwala a muubongo okhudza tulo ndi maganizo, omwenso Prozac amagwirirapo ntchito. M'zaka za m'ma 1980 anthu ankaigula m'mashopu ngati mavitamini, popanda kalata ya dokotala. Mu Okutobala 1989, madokotala a ku New Mexico anaona odwala atatu akumva ululu woopsa m'minofu, magazi awo atadzaza maselo oyera otchedwa eosinophil. Onse ankamwa tryptophan. Matendawa anawatcha EMS. Anagwira anthu oposa 1,500, ndipo osachepera 37 anamwalira. Ofufuza atalondola mapazi anakafika ku fakitale ya Showa Denko ku Japan, yomwe inali itasintha mtundu wa mabakiteriya opangira tryptophan n'kuchepetsanso makala osefera.

Bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linayamba kuichotsa m'mashopu mu Novembala 1989, n'kukhwimitsa chiletsocho mu Malichi 1990. Mwezi womwewo magazini ya Newsweek inaika kapisozi wa Prozac pachikuto. Apa ndiye pamene mphekesera inabadwira. Koma Prozac anali atavomerezedwa kale mu Disembala 1987, ndipo ankayenda malonda osadikira kuti wina agwe. (Eni ake, a Eli Lilly, ndi aneba anu a ku Indianapolis komweko.) Anthu akufa, gwero lisanadziwike, boma lililonse likanatseka chitseko.

Chomwe chimandivuta ine ndi kutalika kwa chiletsocho. Fakitale inali imodzi, koma FDA inafewetsa malamulo mu 2001, ndipo yochokera kunja inailola mu 2005. Nthawi yonseyo tryptophan inkathiridwabe mumkaka wa makanda wa m'zitini. A FDA ankati sangatsimikize kuti vuto linali zonyansa za m'fakitale zokha. Mwina. Koma ndani akanawononga ndalama zake kuyeretsa dzina la chinthu chimene sangachitengere patent, chilolezo chochigulitsa yekha?

Ngati mukufuna pamene makampani a mankhwala amapindulira poyera, yang'anani lamulo la DSHEA la 1994, lomwe Senator Orrin Hatch analimenyera nkhondo. Linalola kuti zinthu zoterezi zizigulitsidwa FDA isanaziyeze, koma lili ndi kachigawo kakuti chimene chinayamba kuvomerezedwa ngati mankhwala sichingagulitsidwe ngati chowonjezera pa chakudya. Wofika msanga ndi mapepala ndiye mwini munda. N'chifukwa chake mu 2020 FDA inalembera makampani kuti NAC, yochokera ku amino acid yotchedwa cysteine, inavomerezedwa ngati mankhwala mu 1963, choncho si yogulitsa mwachisawawa. Ndi yomweyo imene achipatala amapatsa munthu amene wamwa panado wochuluka. Amazon inaichotsa mu 2021, anthu anadandaula, ndipo mu 2022 FDA inati sizivutitsa ogulitsa, ngakhale lamulo silinasinthe.

Tsono za tulo tanu. Botolo limene mugulelo palibe wa boma amene waliyeza lisanafike pashelefu, ndiye sankhani lokhala ndi chidindo cha USP kapena NSF, mabungwe omwe si aboma oyeza zinthu zoterezi. Ndipo ngati mukumwa Prozac, sertraline kapena tramadol, musaphatikize ndi tryptophan musanafunse dokotala kapena wa ku famase. Serotonin ikachuluka munthu amanjenjemera, thupi limatentha, mutu umasokonekera, mpaka kukagonekedwa kuchipatala.