Chimene chimatibwezera ku Quartzsite nyengo yozizira iliyonse

Mayi wina wokhala ku Indiana, kuno ku America, wandilembera imelo. Akuti iwo ndi amuna awo apuma pantchito, chisanu cha kumeneko chawakwana, ndipo akuganiza zogula motorhome, galimoto ija yokhala ndi bedi, khitchini ndi bafa m'kati mwake. Funso lawo ndi lakuti: popeza nyumba yanu ili ndi matayala, bwanji inu ndi mayi akunyumba mumangobwerera kuchipululu chomwecho cha ku Arizona, osapita kukaona malo atsopano?

Mayi, zikomo pondilembera. Malo atsopano timawaona ndithu, koma timawaona panjira. Pokhala penipeni timasankha pamene tikupadziwa, chifukwa kuchipululu chimene chimalamula ndi madzi. Thanki ya madzi akumwa imatha, ya madzi akuchimbudzi imadzaza, ndipo tsiku limenelo mukufunika kudziwa kolowera popanda kufunsa munthu.

Quartzsite ndi katauni kakang'ono pamene msewu wa Interstate 10 wadutsana ndi US 95. Kalembera wa 2020 anapezamo anthu pafupifupi 2,400, koma mu Januwale magalimoto amachita kudzaza chigwa chonse chifukwa cha misika ya miyala yokongola ndi chionetsero cha ma motorhome chimene chimachitikira mu tenti yaikulu. Kum'mwera kwa tauniyi kuli La Posa, malo a boma amene amayang'aniridwa ndi Bureau of Land Management. Mukalipira chiphaso cha nyengo yonse, mutha kukhalapo kuyambira pa 15 Seputembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo ku La Posa South kuli mipopi ya madzi, kotayira madzi oipa ndi kotayira zinyalala. Chiphaso chomwecho chimagwiranso ntchito ku Imperial Dam, pafupi ndi mzinda wa Yuma. Malo ena a boma ndi aulere, koma amangololeza masiku 14 ndipo kulibe mpopi.

Magetsi a boma kulibe. Timadalira sola ndi mabatire, ndipo popeza dzuwa la Disembala limayenda m'munsi, mapanelo timawapendeketsa kuloza kum'mwera. Masana mumatha kuvala malaya okha, koma usiku kumazizira mpaka nthawi zina madzi kuundana. Musasiye mabulangete ku Indiana.

Koma madzi ndi magetsi si nkhani yonse. Mlimi amene walima munda umodzi zaka zambiri amadziwa pamene madzi amaima ndi pamene nthaka imauma msanga, ndipo chipululu chimafuna kudziwidwa mofananamo. Tikudziwa mbali imene mphepo yakumpoto imadzera, ndiye chitseko timachilozetsa kwina. Tikudziwa makwawa amene amaoneka ouma ndi okopa chifukwa cha mthunzi wa mitengo ya palo verde ndi ironwood, koma mvula ikagwa kumapiri akutali amadzaza madzi mwadzidzidzi. M'khwawa musaimikemo galimoto, ngakhale kumwamba kulibe kamtambo.

Komanso malowo sakhala chimodzimodzi zaka ziwiri. Chaka chimene mvula yagwa bwino kumayambiriro kwa nyengo yozizira, pofika Febuluwale ndi Malichi pansi ponse pamabiriwira, maluwa achikasu ndi ofiirira amatuluka pakati pa miyala. Chomera cha ocotillo, chimene chimaoneka ngati ndodo zouma zaminga, chimaphuka masamba patangopita masiku ochepa mvula itagwa. Chaka chachilala pamalo omwewo pamakhala fumbi lokhalokha. Munthu wongodutsa amaona chimodzi mwa ziwirizi n'kumaganiza kuti chipululu wachidziwa. Ine izi zimandikhudza mtima kwambiri, ndipo n'zimene ndimadikira kukaona tikamatsika kuchokera kumpoto.

Ku Palm Canyon sitilephera kupitako. Kuli mu Kofa National Wildlife Refuge, malo amene anakhazikitsidwa mu 1939 pofuna kuteteza nkhosa zakutchire za nyanga zazikulu. Mumayenda kamtunda kochepa chokwera, kenako mumaona migwalangwa yomera yokha mumng'alu wa phiri. Fikani chakumasana, pamene dzuwa limalowa mumng'aluwo. M'tauni ya Quartzsite momwemo muli manda a Hi Jolly, dzina lake lina Hadji Ali, amene anabwera m'zaka za m'ma 1850 kudzayendetsa ngamila za asilikali a America ndipo anamwalirira ku Quartzsite mu 1902.

Anthunso amabwerera. Amene munayandikana nawo chaka chatha mumawapeza pansi pa mtengo womwewo, ndipo batire likafa kapena wina akadwala usiku, ndi iwowo amene amathamanga. Kwa anthu a msinkhu wathu, zimenezi si zazing'ono.

Chimodzi chokhudza ife obwera m'dziko muno: pamsewu wa US 95, pakati pa Yuma ndi Quartzsite, pali malo amene apolisi a m'malire amaimika magalimoto. Mapepala anu azikhala pafupi. Mukafuna kuwoloka wapansi kupita ku Los Algodones ku Mexico, kumene ambiri amakaonetsa mano motchipa, yambani mwatsimikiza kuti pasipoti ndi zikalata zanu zikulolani kubwereranso.

Zogula motorhome musafulumire nazo. Chaka choyamba bwerekani ya lendi kwa milungu iwiri kapena itatu, mubwere chakumapeto kwa Januwale, muone ngati inu ndi bambo mungathe kusamba ndi madzi ochepa komanso kukhala m'kachipinda kamodzi tsiku lonse la mphepo yafumbi. Mukadzagula yanu, pofika pakati pa Epulo muzikhala mutanyamuka, chifukwa mu Julayi kutentha kumapitirira madigiri 40 pafupifupi tsiku lililonse.