Cholembera chikamayandikira, kernel imanena chiyani?

Mlungu uno wowerenga wina wandilembera kuti akufuna kulongosola m'zolemba momwe madalaivala (timapulogalamu tolumikiza chipangizo ndi kompyuta) a Linux, Windows ndi macOS amaperekera uthenga wochokera ku tabuleti yojambulira, koma sakudziwa poyambira. Akulu, funso lanuli landitokosa pachilonda chakale.

Zaka zingapo zapitazo ndinkalemba kapulogalamu kanga kojambulira pa Linux. Mzere uliwonse wopendekera unkatuluka ngati masitepe. Ndinanamizira tabuleti, ndinasintha chingwe cha USB, mpaka kukabwereka tabuleti ya mnzanga, koma masitepe ali pomwepo. Usiku wachitatu ndinatsegula evtest, kapulogalamu koonetsa uthenga wochokera ku zipangizo, n'kuyamba kuwerenga mzere ndi mzere zimene zinkatuluka pa /dev/input, ndipo manyazi anandigwira ndili ndekha m'chipinda. Kernel, yomwe ndi phata la Linux lolankhulana ndi zipangizo, situmiza malo a cholembera pakamodzi. Imatumiza ABS_X (malo ake mopingasa) payokha, ABS_Y (malo ake chokwera kapena chotsika) payokha, ABS_PRESSURE (kudinikiza) payokha, kenako SYN_REPORT kusonyeza kuti gulu limenelo latha. Ine ndinkajambula X ikangofika, Y isanabwere n'komwe. Chinanso chimene chinandipusitsa n'chakuti nambala imene sinasinthe situmizidwanso. Mukakoka mzere wopingasa bwinobwino, ABS_Y imangoti zii, ndipo pulogalamu iyenera kudzisungira yokha nambala yakale.

Izi zilimo m'zolemba za kernel, sindikana. Koma kalozera amene ndinkatsatira ine anangondandalika mayina, BTN_TOUCH apa, ABS_TILT_X apo, basi. Kuyambira pamenepo ndinaumirira maganizo amodzi: kundandalika mayina si kulongosola. Wolemba amene sanena chimene chimabwera koyamba, chimene chimatsatira, ndi nthawi imene dalaivala amakhala chete, ndi bwino asalembe n'komwe. Mwina ndikukhwimitsa, koma masiku atatu aja sanabwerere.

Nkhani ya kudinikiza nayo imandipsetsa mtima. Pabokosi alemba kuti cholembera chimazindikira milingo 8192, munthu n'kukopera nambalayo m'zolemba zake ngati ndi imene pulogalamu idzalandire. Ayi ndithu. Pa Windows, uthenga wa WM_POINTER umene unabwera ndi Windows 8 umapereka kudinikiza kuyambira 0 mpaka 1024, kaya cholemberacho n'chapamwamba bwanji. Pa macOS, NSEvent imapereka kuyambira 0.0 mpaka 1.0. Linux imakupatsani manambala a chipangizocho, ndipo malire ake mumachita kufunsa ndi EVIOCGABS. Ndiye pa Windows pali njira ina yolankhulira ndi tabuleti, Wintab, nkhalamba ya mu 1991 imene ikukanabe kupuma. N'chifukwa chake Krita, pulogalamu yojambulira, pa Windows ili ndi posankhira pakati pa Wintab ndi Windows Ink (njira ya WM_POINTER ija), ndipo anthu ambiri amangodina uku ndi uku mpaka burashi itayamba kumvera. Inenso ndinachitapo zimenezo, ndisaname.

Pajatu cholembera chimayamba kulankhula chisanakhudze. Chikangofika pafupi, Linux imanena BTN_TOOL_PEN 1 ndipo malo ake amayamba kubwera, pomwe BTN_TOUCH imadikira nsonga igunde. Pa macOS kuyandikirako kuli ndi uthenga wakewake, tabletProximity. Gawo limeneli ndi limene olemba ambiri amalumpha, chonsecho zolakwika zambiri zimabisala momwemo.

Nanga muyambire pati?

Yambani ndi Linux chifukwa zonse zimaonekera poyera. Gwiritsani ntchito libinput record kuti musunge uthengawo mu fayilo, kapena hid-recorder ngati mukufuna zimene chipangizo chikutumiza dalaivala asanazikhudze. Chitani chinthu chimodzi pa fayilo iliyonse: kuyandikira n'kuchoka osakhudza, kudinikiza pang'onopang'ono, kupendeketsa, kudina batani la pa cholembera (BTN_STYLUS) cholembera chili m'mwamba, kutembenuzira kofufutira kuti muone BTN_TOOL_RUBBER. Pamwamba pa fayilo lembani mtundu wa tabuleti ndi nambala ya kernel. Mukatero bwerezani mayendedwe omwewo pa Windows ndi macOS, n'kuika zotuluka zake moyandikana. Ndipo SYN_DROPPED muipatse ndime yakeyake, chifukwa ikabwera ndiye kuti uthenga wina watayika, ndipo pulogalamu iyenera kufunsanso chipangizo pomwe zinthu zili.