Musalole atsitse giyabokosi musanagwire kapeti

Achimwene, imani kaye, ndalama ya clutch plate imeneyo musapereke. Ndawerenga zomwe mwalemba za vuto la klatchi ya galimoto yanu mpaka mtima wanga kuchita kuti myuu. Mukuti pedulo ya klatchi yomira, magiya okana kulowa injini ikamalira, mukapopa kawiri katatu n'kuvomera, kenako makaniko akuti titsitse giyabokosi. Njira imeneyi ndinadutsamo ine ndi Hilux yanga yakale ija ya injini ya 3L, ndipo panangotsala pang'ono kuti ndiphe mwana wa eni.

Yanga inayamba ndi rivesi. M'mawa ndikati ndibwerere m'mbuyo, khwee, ngati ukupala poto. Ndikapopa pedulo, giya n'kulowa. Ndinapita nayo kwa makaniko wina amene anzanga ankamutama. Munthuyo ngakhale boneti sanatsekule. Anangokhala pampando, kuponda kawiri, basi "klatchi yatha bwana, tigule plate, pressure plate ndi release bearing." Ine poti ndinkangodziwa kuyendetsa, ndinatapa mpamba wa bizinesi n'kumupatsa. Galimoto inagona pagalaja masiku atatu. Potenga ndinapempha kuti ndione plate yakaleyo, ndipo inali idakali ndi nyama yake, misomali yake isanayambe n'komwe kuonekera. Nditafunsa anati yapsa mkati, inu simungaone. Ndinakhulupirira. Sabata imodzi inayenda bwino, ndipo lero ndimadziwa chifukwa chake: pomanga anaibulida, kutanthauza kuchotsa mpweya m'mafuta a klatchi, ndiye matenda anangobisala.

Tsiku lake ndinkachokera ku Lizulu nditadzaza matumba a kachewere ndi kabichi, ndikupita ku Blantyre. Unali mwezi wa October, dzuwa loswa mtengo lija. Kuyambira pa Chingeni ndinamva kuti pedulo yafewa, klatchi ikugwirira pansi penipeni, koma ndinati ndikaonera kutsogolo. Kufika pa lodibuloko ya Zalewa panali mzere. Kutsogolo kwanga minibasi yodzaza, ogulitsa malonda akuyenda pakati pa magalimoto monga mwa masiku onse. Ine giya wani ili mkati, phazi lakumanzere ndapondereza klatchi mpaka pansi, ndikudikira kuti mzere usunthe. Kamtsikana kena konyamula beseni la nthochi pamutu kanalowa pakati pa bampala yanga ndi minibasi ija, kakuwerenga chenji. Phazi langa silinasunthe ngakhale pang'ono, ndikulumbira. Koma ndinangomva injini ikusintha kaliridwe, galimoto n'kuyamba kuyenda yokha. Katundu yense uja kumbuyo akukankha. Ndinaponda buleki ndi mphamvu zanga zonse, galimoto inanjenjemera, kudumpha kamodzi, injini n'kuzima. Mwana uja analumphira kumbali, beseni uko, nthochi mbwee pamsewu. Pakati pa bampala ndi minibasi panatsala malo osakwana chikhato. Mwendo wake ukanakhala pamenepo.

Anthu anandizinga, amayi ena akukuwa kuti mwaledzera kodi, mufuna kutiphera mwana? Ine kukamwa kuli gwaa, manja akunjenjemera, ndikuloza pansi pomwe pedulo inali itagona osabwereranso. Ndinachita kuikoka ndi chala cha kuphazi. Wapolisi wina anabwera, anaona yekha, n'kuuza anyamata kuti andikankhire kumbali. Ndinalipira nthochi zonse, koma nkhope ya mwana uja mpaka lero imandibwerera ndikaima pamzere.

Ndinamuimbira makaniko uja pompo. Mukudziwa zomwe anayankha? Akuti mwina mumayenda phazi lili pa klatchi bwana, mwaiwotchanso. Plate ya sabata imodzi! Nditakweza mawu anadula, kuimbanso foni yothima. Munthu wadya mpamba wanga, wasintha zinthu zabwinobwino, wandibwezera galimoto yoti ikanapha munthu, ndiye mlandu ukhale wa phazi langa. Chimene chimandiwawa kwambiri si ndalamayo ayi, koma kuti chinthu chimene chinaonongeka chinali pamphuno pake, pamwamba pa pedulo yomwe anapondayo, ndipo sanafune n'komwe kuwerama. Ntchito yotsitsa giyabokosi ndiyo ya ndalama zambiri, ndiye ena amathamangira komweko. Amene muli amakaniko muno mundikhululukire, sindikunena nonse, koma anzanu otere alipo ndipo mukuwadziwa.

Amene anandipulumutsa ndi madala ena oyendetsa lole amene ankapuma pambali pa msewu. Anati mwana wanga tsekula boneti. Kabotolo ka mafuta a klatchi, kaja kakang'ono kali pafupi ndi ka buleki, mafuta ake anali atatsika ndiponso akuda bii ngati tiyi wopanda mkaka. Kenako anandigwira dzanja n'kulilowetsa pansi pa dashibodi, pomwe kachitsulo kochokera ku pedulo kamalowa mu master cylinder, kapampu kokankha mafuta a klatchi. Kunyowa. Kapeti yonse pansi pake inali itamwa mafuta, penti itayamba kusupuka. Anati maraba a master atha, mafuta ena akutuluka, ena akungobwerera m'mbuyo mkati momwemo. Ndiye ukaponda n'kugwira, mphamvu imathawa pang'onopang'ono, klatchi n'kudzigwirira yokha phazi lili pansi. Ndi zimene zinachitika pamzere paja.

Klatchi ya mafuta ilibe zambiri. Mukaponda pedulo, master imakankha mafuta kudzera mu paipi kupita ku slave cylinder imene ili pambali pa giyabokosi, slave imakankha foloko, foloko imakankha release bearing, ndipo pressure plate imamasula plate. Pakalowa mpweya kapena maraba akatha, kukankhako sikufika, ndiye magiya amakana ngakhale plate ili yatsopano. Plate yotha imadziwika mosiyana kwambiri: magiya amalowa bwinobwino, koma pamtunda injini imangolira galimoto osathamanga, klatchi imagwirira pamwamba, ndipo mumamva fungo la chinthu chopserera. Komanso plate yotha sichira chifukwa choti mwapopa pedulo. Inu mwanena nokha kuti mukapopa zimatheka. Pamenepo ine ndikuloza mafuta.

Yesani izi madzulo ano, simulipira kanthu. Injini ili chizimire lowetsani magiya onse. Akamalowa mosavuta koma n'kumakana mukailiza, ndiye kuti klatchi sikumasula. Kenako pitani pamalo poyera, popanda ana, popanda khoma kutsogolo, kokani handibuleki, lowetsani giya wani, pondani klatchi n'kugwira pafupifupi mphindi imodzi. Mukamva injini ikuyamba kulemedwa kapena galimoto ikufuna kunyamuka, master yapita, ngakhale mafuta asakutsika m'kabotolo. Gwirani kapeti. Lowani pansi, fungatulani karaba kophimba slave, mukapeza mafuta mkati mwake ndiye kuti nayonso ikutaya. Wina aponde pedulo inu mukuyang'ana kachitsulo ka slave: kazituluka mokwanira n'kukhala pomwepo mpaka atachotsa phazi. Kakamabwerera kokha, vuto ndi la mafuta. Muonenso paipi ya raba ija ngati ikufufuma kapena kuchita thukuta. Pokhapokha zonsezi zili bwino, magiya n'kumakanabe, m'pamene munthu angalankhule zotsitsa giyabokosi, chifukwa foloko imatha kuthyoka ndipo pressure plate nayo imafa.

Simunatchule mtundu wa galimoto yanu. Magalimoto ena atsopanoko slave yake ili mkati, yophatikizana ndi release bearing, ndiye ikamataya mumaona madontho pansi pomwe injini yakumana ndi giyabokosi. Ikakhala yotero palibe kuchitira mwina, giyabokosi itsike basi, ndipo poti yatsika kale sinthiranitu plate. Enanso klatchi ndi buleki zimamwera kabotolo kamodzi, ndiye mafuta akamatsika musamangothira, fufuzani komwe akupita.

Mafuta ake ndi a buleki, DOT 3 kapena DOT 4, werengani pachivindikiro. Wina asakunamizeni kuti muthire oyilo wa injini kapena wa pawa sitiyaringi poti muli pamavuto, amatupitsa maraba onse ndipo mudzagula master ndi slave tsiku limodzi. Gulani botolo lomata, osati otsala m'botolo lomwe lakhala chitsekulire pagalaja, chifukwa mafuta amenewa amayamwa chinyezi.

Ine tsiku lija madala aja anathiramo mafuta, tinapopa mpaka pedulo inabwerako theka, n'kundilangiza kuti ndikaima paliponse ndizichotsa giya. Pofika ku Lirangwe inali itamiranso. Ndinayenda choncho, kuliza injini giya ili mkati, kusintha magiya pomvera kulira kwa injini, kudutsa pa Lunzu usiku ndikupemphera kuti pasapezeke wodutsa msewu. Ndinafika, koma kabichi anali atafota ndipo ogula anga anali atatenga kwa ena. Inu musadzayese zimenezi, mumapha sitata ndi magiya, ndiponso mukhoza kupha munthu. Ikakufera panjira ikokedwe.

Pokonza, gulani master yathunthu yatsopano, ndipo ngati thumba likulola sinthani ndi slave yomwe, chifukwa zinakalamba limodzi ndipo yatsopano ikayamba kukankha mwamphamvu inzake yakaleyo sichedwa kutaya. Za makiti a maraba okonzera master yakale zisiyeni, mkati mwa silinda mukakhala mutakumbika kiti sigwira. Ngakhale kunena zoona yanga ndinaika kiti yotchipa, poti ndalama inali itathera kwa munthu uja, ndipo inandiyendera zaka ziwiri mpaka ndinagulitsa galimotoyo. Amakaniko musamawakhulupirire msanga, onani nokha ndi maso anu. Koma kubulida musachite nokha ngati simunaonepo, mudzalowetsa mpweya wambiri kuposa womwe mukuchotsa. Pezani makaniko wofatsa, muime pomwepo, ndipo chilichonse chimene wachotsa akupatseni m'manja.

Kagwireni kapeti ija, mutiuze ngati yanyowa, mutchulenso mtundu wa galimoto ndi chaka chake. Ndipo mawa musapite nayo kokatenga ana kusukulu.