Funsani Amalume: Choyezera kutentha kwa mowa ndingapange ndekha?

FUNSO: Amalume moni. Ine ndimakhala ku Ulongwe kuno ku Angonia, ntchito yanga ndi yokonza mafoni ndi mawailesi. Chaka chino ndayamba kufulula mowa pakhomo, wamasese ndinaphunzira kwa azakhali anga komanso ndikuyeserako woyera ngati wam'botolo uja ndi chimera cha mawere ndi yisiti yam'paketi. Vuto ndi loti ulendo wina umakoma, wina umawawasa kapena umatuluka opanda mphamvu. Azakhali amangopisa chala mu phala nkunena kuti lapola thira chimera, koma ine chala changa chimandinamiza, ndipo thermometer yakuchipatala imathera pa 42 basi. Ndingapange yanga?
Wokonza mafoni, Ulongwe

YANKHO: Mphwanga, ungapange, ndipo poti umagwira kale multimeter ndi soldering iron ntchitoyi sikuvuta iwe. Chala cha azakhali usachinyoze, chinaphunzira zaka zambiri, kungoti chako sichinafikepo ndiye tiyeni tichithandize ndi manambala.

Choyamba udziwe manambala amene ukusaka. Ufa wa chimanga umafuna kuphikidwa mpaka kubwata kuti umasuke, koma mphamvu ya m'chimera imene imasandutsa phala kukhala lotsekemera imagwira bwino pakati pa madigiri 62 ndi 70, ukathira chimera phala likadali pafupi ndi 80 mphamvu ija imafa ndipo shuga satuluka, ndiye mowa opanda mphamvu uja umachokera pamenepo. Ukathiranso litapoleratu mpaka m'ma 40 nkulisiya nthawi yaitali, tizilombo towawasitsa ndi timene timasangalala. Kwa masese kuwawasa pang'ono nkofunika ndithu, koma kwa mowa woyera ukufunawo ayi. Yisiti usathire madzi asanatsike pansi pa 30, ndipo yambiri yofululira imakonda 18 mpaka 22.

Njira yosavuta ndi ka bolodi koyeza kutentha kotchedwa W1209, kamayendera 12V ndiye ngakhale batire la sola limakwana, kali ndi sikirini yake ndipo kamabwera ndi ka sensa (kachipangizo komva kutentha) ka mtundu wa NTC 10k kumapeto kwa waya. Kapenanso sensa yomweyo payokha pa multimeter yako: pa madigiri 25 imawerenga 10k, ikamatentha nambala imatsika, ya mtundu wa 3950 ikafika pa 65 imakhala cha m'ma 2k. Zimatheka koma umafunika tebulo la manambala pambali, ndipo uli ndi mthiko m'manja utsi uli m'maso zimatopetsa.

Ine ndikanakhala iwe ndikanatenga sensa yotchedwa DS18B20, ija yomwe imabwera itatsekeredwa kale m'kachitsulo kosachita dzimbiri. Imayeza kuyambira -55 mpaka 125, ndipo pakati pa -10 ndi 85 siphonya kupitirira theka la digiri, ndiye manambala onse a chimera ndi yisiti ali momwemo. Mawaya ndi atatu, ofiira wa moto, wakuda wa ground, wachikasu wa data, pakati pa ofiira ndi wachikasu umaika resistor ya 4.7k, apa ndi pomwe ambiri amaiwala kenako nkumati sensa ndi yakufa. Uilumikize ku Arduino (ka bolodi kokhala ngati kakompyuta kakang'ono) ndi kasikirini, kapena ku bolodi la ESP32 ngati ukufuna uziona pa foni. Sensa iliyonse ili ndi nambala yakeyake mkati ndiye ziwiri kapena zitatu zimatha kukhala pa waya umodzi wa data, ina m'dilamu ina m'chigubu. Ikamangolemba -127 ndiye kuti waya wina sanagwire, ikamangokakamira pa 85 nthawi zambiri ndi moto osakwanira.

Waya wa pulasitiki uja asamire mu phala lotentha, ndipo pamene waya wakumana ndi chitsulo madzi amalowa pakapita nthawi. Peza kapaipi ka stainless kotseka mbali imodzi, sensa ilowe mkati mpaka pansi, pakamwa utseke ndi silicone yololedwa pa zakudya. Paipi ya galvanised ayi, solder ya mtovu yomwe umalumikizira mawailesi isakhudze mowa ngakhale pang'ono, poti mowa wowawasa umasungunula zitsulo ndipo omwa ndi anthu.

Tsopano apa mvetsetsa, chifukwa sensa zambiri zotchipa pamsika si zenizeni ndipo nambala yowala pa sikirini anthu amangoikhulupirira. Usanaiviike mu mowa iyeze kawiri. Dzaza kapu ndi ayisi ophwanyaphwanya, thira madzi pang'ono, takasa, dikira mphindi zingapo, iyenera kuonetsa 0. Kenako madzi obwata, koma usayembekeze 100 ku Ulongwe. Inu muli kumtunda, mamita oposa 1,000, ndipo madzi amabwata msanga ndi digiri imodzi pa mamita 300 alionse okwera, ndiye kwanuko ukaona cha m'ma 96 sensa ili bwinobwino. Amene ali mu mzinda wa Tete m'mbali mwa Zambezi ndi amene aone pafupi ndi 100. Ukakakamiza yako kuti ilembe 100 ndiye kuti waiwonjezera madigiri anayi abodza, uzidzaona 65 phala lili pa 61. Ikaphonya pa ayisi, pa W1209 umakonza pa setting ya P4, pa Arduino umangochotsa kapena kuwonjezera mu code. Ndipo takasa kaye usanawerenge, pansi pa dilamu ndi pamwamba zimasiyana kwambiri.

Chimodzi chomwe sensa singakuuze ndi ufa woipa. Tonse aku Tete tikukumbuka Chitima mu Januwale 2015, anthu 75 anamwalira atamwa mowa wa pombe pa maliro, ndipo atafufuza anapeza poizoni otchedwa bongkrekic acid ochokera ku tizilombo tomwe tinali mu ufa wa chimanga woonongeka. Poizoni ameneyu saphedwa ndi kuphika. Ufa kapena gaga yemwe ananyowa nkuchita nkhungu utaye, chonde mphwanga, ngakhale akuoneka kuti wauma.

FUNSO: Amalume, kuno ku Moatize Okutobala akafika mowa wanga umapsa tsiku limodzi koma umanunkha ngati thinner ndipo mutu umawawa mawa lake. Nditani?
Mayi wa ku Moatize

YANKHO: Amayi, kumeneko ndi kutentha, masana kumadutsa 40 ndipo mowa ukamawira umadzitenthetsanso okha ndi madigiri angapo kuposa mpweya wa m'nyumba, ndiye yisiti imathamanga nkutulutsa fungo limenelo. Sensa muimate pa chigubu penipeni ndi tepi, pamwamba pake muphimbe ndi kasiponji kuti iziwerenga mowa osati mphepo. Chigubucho chikhale mu beseni la madzi mutachikulunga ndi chitenje chonyowa, pamthunzi podutsa mphepo. Ngati muli ndi firiji yakale, kachipangizo kotchedwa STC-1000 kamayatsa ndi kuzimitsa firijiyo kokha pa nambala yomwe mwaika, koma kameneko ndi ka 220V ndiye akulumikizireni odziwa zamagetsi. Apo ayi mowa woyera muzifulula mu Juni ndi Julaye, nthawi yotentha muzipanga wamasese.