Kodi aneneri a Chiheberi anali ngati mashamani?

Funso: Ndinamva kuti aneneri a m'Chipangano Chakale ankafanana ndi mashamani a ku Siberia, amene amalankhula ndi mizimu. Kodi zimenezi n'zoona? Wowerenga, Zomba.

Yankho: Kufanana kulipo ndithu. Shamani wa mtundu wa Evenki, womwe umakhala ku Siberia, amaimba ng'oma mpaka kugwidwa ndi mzimu, ndipo amati moyo wake wapita kudziko la mizimu kukafunsira odwala. Pa 1 Samueli 10, Sauli anakumana ndi gulu la aneneri likutsika kumalo opembedzera ndi azeze, lingaka ndi chitoliro, ndipo mzimu wa Mulungu utamufikira nayenso anayamba kunenera. Elisa anaitanitsa woimba zeze asanalosere, pomwe Ezekieli akusimba kuti anagwidwa tsitsi n'kunyamulidwa m'masomphenya kuchoka ku Babulo kukafika ku Yerusalemu.

Komabe, ine ndikuona kuti kusiyana kwawo n'kwakukulu kuposa kufanana. Shamani amaphunzira kuitana mizimu yomuthandiza nthawi imene akufuna, koma mneneri ankaitanidwa ndi Mulungu mmodzi, mwina iye asakufuna n'komwe, monga zinamuchitikira Yeremiya, ndipo Deuteronomo 18 amaletseratu kufunsira kwa akufa. Ndakatulo za Amosi, amene ananenera cha m'ma 760 BC, zimabwereza ganizo limodzi m'mizere iwiri ngati nyimbo, koma zinkadzudzula anthu olemera a ku Samariya amene ankapondereza osauka.