Achimwene, musathawe nyumba ya ku Ndirande

Achimwene, mwafunsa ngati mulowe nyumba yomwe mwapeza ku Ndirande, poti anzanu akukuopsezani kuti kumeneko n'kwa akuba okhaokha. Ine ndinakulira ku Goliyo, ndipo mawu amenewo amandipweteka mumtima.

Ndirande anamangidwa ndi anthu a ntchito. Makolo athu anachoka ku Thyolo, ku Mulanje, ku Chiradzulu kudzasaka ganyu m'tauni, n'kumanga m'munsi mwa phiri chifukwa mafakitale a ku Makata anali pakhomo pomwepo: kwa David Whitehead koluka nsalu, ndi ku Carlsberg komwe kunatsegulidwa mu 1968. Bambo anga ankadzuka kusanache n'kutsetsereka wapansi, kamba ali m'manja, osalipira basi. Mu 1992 ogwira ntchito kwa Whitehead atanyanyala, moto unagwira mzinda wonse, anthu anafa m'misewu, ndipo chaka chotsatira dziko linaponya voti ya riferendamu yosankha ulamuliro wa zipani zambiri. Ambiri mwa amene anatuluka masiku amenewo ankagona ku Ndirande. Anthu amakumbukira zipolowe zokha, osakumbukira chomwe zinabala.

Mukafika mudzayambire kumsika. Musanaone kanthu mudzamva kaye nyundo za amisiri akukhoma malata, go go go, mpaka mbaula kapena ndowa yatuluka pamaso panu. Akalipentala ali pomwepo, ogulitsa masipeya a galimoto ali pomwepo, ndipo mabwana a ku Nyambadwe omwe amatinyoza aja amabwera okha chitsulo chikawavuta. Koma chomwe sindidzaiwala n'cha tsiku lomwe mayi anga anatisiya. Dzuwa lisanalowe amayi a pamzere wathu anali atasonkha ufa, nkhuni ndi ndiwo, ena sitinkawadziwa n'komwe mayina.

Akuba aliko, sindikunamizani, usiku musamayende foni ili m'manja. Koma chenjerani kwambiri ndi madzi. Phiri lija mitengo yake inathera ku nkhwangwa m'zaka za m'ma 1990, ndiye mvula ikagwa madzi amatsika ndi matope ndi miyala. Nyumba yoyandikira mtsinje wa Nasolo isiyeni, ngakhale lendi yake itsike bwanji. Afunseni alandilodi ngati mpopi uli pakhomo kapena mudzatunga kukiyosiki, komanso mabanja angati akugwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi.

Tatiuzani, nyumbayo ili mbali iti, ku Malabada, ku Safarao kapena ku Chinseu?